Liwu la Chingerezi loti "flat": kodi nyumba, tayala ndi nyimbo zikukumana pati?

Funso

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera. Tsiku lina mwana wa Fomu 3 anandifunsa chifukwa chimene liwu loti "flat" limatanthauzira nyumba, pomwe m'nkhani imene tinkawerenga linkanena za tayala la galimoto, ndipo mnzake anawonjezera kuti woyimbitsa kwaya kutchalitchi kwawo amawakalipira kuti akuyimba "flat". Ndinangoyankha kuti mawu a Chingerezi amakhala ndi matanthauzo ambiri, koma anawo sanakhutire, ndipo inenso sindinakhutire. Kodi limeneli ndi liwu limodzi kapena ndi mawu angapo ongofanana kalembedwe? Nanga linachokera kuti?

Yankho

Aphunzitsi, mwana wanuyo anafunsa funso lakuya kuposa mmene iye mwini akudziwira, chifukwa pa matanthauzo atatu amene anatchulidwa m'kalasi mwanu, awiri ndi mphukira za tsinde limodzi, pomwe lachitatu, la nyumba lija, linalowa m'Chingerezi cha masiku ano podzera khomo lina, ngakhale kuti tikalondola mibadwo yake timapeza kuti nalonso ndi la mbumba yomweyo. Yankho limene munapereka silinali lolakwika, koma ana akauzidwa kuti liwu lili ndi matanthauzo ambiri amangoona ngati asenzetsedwa mtolo wina woti aloweze pamtima. Chimene chingawathandize ndi kuona chithunzi chimodzi chimene chili kuseri kwa matanthauzo onsewo, ndipo chithunzicho ndi cha chinthu chopanda potukuka, chopanda nsonga, chopanda chitunda, chimene palibe kanthu kodzuka pamwamba pake.

Tanthauzo loyambirira ndi la maonekedwe a chinthu chogwirika. Bwalo la mpira, pamwamba pa tebulo, mwala wochapira zovala kumtsinje, denga la konkire lopanda mtsetse, zonsezi Mngerezi amazitcha "flat". Ife m'Chichewa sitidalira liwu limodzi pa zonsezi. Malo timati ndi athyathyathya kapena ndi a see, dera lalikulu lopanda mapiri timati chidikha, mphuno kapena chitini chopondedwa ndi galimoto timati chophwatalala, ndipo munthu akagona moti thupi lonse lakhudza pansi timayamba taona kaye kumene nkhope yaloza, nkunena kuti wagona chagada kapena chafufumimba. Pamene mawu athuwa sanafike bwinobwino tinabwereka lachingerezi lomwelo nkulisula kuti likwane pakamwa pathu, poika mavawelo pakati pa makonsonanti ndi kumapeto, ndipo n'chifukwa chake timamva za denga lafulati, nsapato zafulati ndi mbale yafulati.

Pano pali kusiyana kumene ndikufuna kuti ana anu akumvetse msanga, chifukwa ambiri amasokoneza "flat", "level" ndi "smooth". Khoma loima chilili likhoza kukhala "flat" ngati mmisiri analipaka pulasitala bwino moti palibe potupa kapena polowa, koma palibe amene angati khomalo ndi "level", popeza liwu limeneli limanena za chinthu chogona mofanana ndi mmene madzi amakhalira akadikha m'beseni, chosapendekera mbali ina iliyonse. Levulo ya amisiri omanga nyumba, ija yokhala ndi kathovu m'kagalasi, imayeza zimenezo. Thabwa lotsamiritsidwa kukhoma ndi "flat" koma si "level". Nalo liwu loti "smooth" limanena za kusalala kumene dzanja limamva: dzira ndi losalala koma si lathyathyathya, pomwe msewu wa miyala wa m'chidikha ndi wathyathyathya koma si wosalala.

Tsopano tibwere ku chiyambi chake. Zimadabwitsa anthu ambiri kumva kuti liwu lalifupi ndi lodziwika ngati limeneli Angerezi anachita kubwereka. Limayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi cha m'ma 1300, ndipo linachokera ku liwu loti "flatr" la chilankhulo chakale cha ku Scandinavia chimene akatswiri amachitcha Old Norse, kholo la zilankhulo za ku Norway, Denmark, Sweden ndi Iceland. Eni chilankhulocho anali anthu a m'madzi aja otchedwa ma Viking, amene mu 793 anaukira nyumba ya amonke ya pa chilumba cha Lindisfarne, mu 866 analanda mzinda wa York, kenaka nkukhazikika ndi mabanja awo kumpoto ndi kum'mawa kwa England, m'dera limene linadzatchedwa Danelaw. Pofika 1016 mfumu ya ku Denmark, Cnut, inali pampando wa ufumu wa England. Alendowa analima minda moyandikana ndi eni nthaka, anagulitsana malonda, anakwatirana, ndipo popeza zilankhulo ziwirizo zinali zapachibale, mawu ankadutsa mosavuta kuchoka kukamwa kwina kupita kwina. Umo ndi mmene Chingerezi chinapezera mawu monga "sky", "egg", "knife", "window", "leg", "take", ngakhalenso "they" ndi "them". Taonani kuti amenewa si mawu a m'mabuku kapena a m'mabwalo a milandu, koma a kukhitchini ndi kumunda, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti kubwerekanako kunachitikira pakhomo. Ana anu sangavutike kumvetsa zimenezi mukawakumbutsa kuti nsapato, kalata ndi kapitawo ndi mawu amene makolo athu anatola kwa Apwitikizi, koma lero palibe agogo amene angavomere kuti akulankhula chilankhulo chachilendo akamatuma mdzukulu kukatenga nsapato zawo.

Tikhoza kubwerera m'mbuyo kuposa apo. Kuyambira pamene William Jones, woweruza milandu wa ku Britain wodziwa zilankhulo zambiri, ananena ku Calcutta, ku India, mu 1786 kuti Sanskrit ya ku India, Chigiriki ndi Chilatini ziyenera kuti zinatuluka m'chilankhulo chimodzi chimene chinatha kalekale, akatswiri akhala akufananitsa mawu a zilankhulo zimenezi monga mmene ife timafananitsira munthu, "umuntu" wa Chizulu ndi "mtu" wa Chiswahili. Mu 1822 Jacob Grimm wa ku Germany anafotokoza mwadongosolo kuti pamene Chilatini ndi Chigiriki zili ndi p kumayambiriro kwa liwu, zilankhulo za banja la Chijeremani, kuphatikizapo Chingerezi, zimakhala ndi f. Bambo m'Chilatini ndi "pater" pomwe m'Chingerezi ndi "father". Nsomba ndi "piscis" ndi "fish". Phazi ndi "pes" ndi "foot". Mukachotsa f wa "flat" nkuikapo p, mumayandikira liwu la Chigiriki loti "platys", lotanthauza chotakata kapena chotambasuka, ndipo akatswiri ambiri amagwirizanitsa mawu awiriwa ndi muzu umodzi wakale wonena za kuyala kapena kutambasula chinthu.

Ubale umenewu ndi wokoma kuphunzitsa chifukwa abale a liwuli amene anasunga p wawo analowanso m'Chingerezi podzera m'Chilatini ndi m'Chifalansa, moti lero akukhala nyumba imodzi ndi msuweni wawo osadziwana. "Plate" ndi mbale yathyathyathya. "Plateau" ndi phiri lokhala ndi chidikha pamwamba, ngati Nyika ndi Zomba. "Platform" ndi nsanja yoyalidwa. "Place" linayamba ngati liwu la Chigiriki lonena za msewu wotakata, nkukhala bwalo la pakati pa mzinda, limene Asipanishi amati "plaza" ndipo Ataliyana amati "piazza", kenaka nkudzatanthauza malo alionse. Liwu lomwelo linalowa m'Chidatchi, nkukhala "plaas" m'Chiafrikaans kutanthauza munda waukulu wa mzungu, ndipo abale athu amene anakagwira ntchito m'mapulazi a ku Zimbabwe ankatchula msuweni wa "flat" tsiku ndi tsiku osadziwa. Kanyama ka ku Australia kotchedwa "platypus" dzina lake limatanthauza mapazi ophwatalala, ndipo olemba akale a ku Greece ankanena kuti Plato linali dzina longomupatsa munthu wanzeru uja chifukwa cha kutambalala kwa mapewa ake.

Nanga nyumba ija inabwera bwanji? Apa m'pamene pali khomo lachiwiri. Angerezi akale, ma Viking asanafike, anali ndi liwu lawolawo lochokera ku muzu womwewo, loti "flet", koma silinali lofotokoza maonekedwe a chinthu. Linali dzina, ndipo linkatanthauza pansi pa nyumba, pamene anthu amaponda, komanso holo imene mfumu inkadyeramo ndi ankhondo ake, ngakhalenso nyumba yonse. Kum'mwera kwa England liwuli linazilala, koma ku Scotland linapitirira kukhala ndi moyo, ndipo kumeneko linadzatanthauza nsanjika imodzi ya nyumba yosanja. Zinali zoyenera kuti tanthauzo lotere likulire kumeneko, chifukwa mzinda wakale wa Edinburgh unamangidwa pa mtandadza wopapatiza wozunguliridwa ndi linga, ndipo anthu atachuluka anasowa kofutukulira nkuyamba kumanga chokwera, nyumba zina mpaka nsanjika khumi kapena kuposerapo, banja lililonse pa nsanjika yake kapena pa chigawo cha nsanjikayo. Katchulidwe ka "flet" kanakokedwa ndi liwu lodziwika kwambiri lija mpaka mawu awiriwa anafanana, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 Chingerezi cha anthu onse chinalandira "flat" kutanthauza nsanjika, posakhalitsa nkukhala zipinda za banja limodzi zimene zonse zili pa nsanjika imodzi. Choncho mwana akafunsa kuti nyumba yaitali chonchija ingakhale bwanji yathyathyathya, muuzeni kuti dzinalo silikunena za chinyumba chonsecho, koma za pansi pamene banjalo limaponda, popanda masitepe okwera kuchoka kuchipinda chochezera kupita kuchipinda chogona.

Chinyumba chonsecho a ku Britain amati "block of flats", ndipo munthu amene mukukhala naye mogawana lendi ndi "flatmate". A ku America amakonda liwu loti "apartment", limene linachokera ku Chifalansa ndi Chitaliyana ndipo limanena za kupatula. Mayiko a kuno kum'mwera kwa Africa anatsata Britain, n'chifukwa chake timamva za mafulati a ku Hillbrow mu Johannesburg kapena a Matapi ku Mbare mu Harare. Koma kuno kwathu ndi ku Zambia liwuli tinalitambasula pang'ono, chifukwa pa zikwangwani za nyumba zalendi mumaona "flat" ikunena za nyumba zapansi zogundizana khoma, ziwiri kapena zinayi pa puloti imodzi, popanda nsanjika ngakhale imodzi. Ine sindiona chifukwa chodzudzulira zimenezi pa msika wa nyumba, popeza wogula ndi wogulitsa akumvana, koma mwana amene akulemba mayeso ayenera kudziwa tanthauzo limene wolemba wa ku London akuliganiza.

Pali msampha wina pa dzina lomweli likakhala lochulukitsa. Pa mapu, "flats" si nyumba koma dera lotsika ndi lathyathyathya, kawirikawiri la m'mbali mwa madzi. Kafue Flats ya ku Zambia ndi dambo lalikulu zedi limene mtsinje wa Kafue umadutsamo mwaulesi kuchokera ku damu la Itezhi-Tezhi kukafika ku Kafue Gorge, nkumasefukira m'nyengo yake, ndipo Aila ndi Atonga amadyetsako ng'ombe zawo moyandikana ndi nyama zonga agwape zotchedwa lechwe. Cape Flats ndi chidikha cha mchenga cha kum'mawa kwa mapiri a Cape Town, kumene boma latsankho linasamutsirako anthu amene sanali azungu pogwiritsa ntchito lamulo la Group Areas Act la 1950, kuphatikizapo amene anachotsedwa ku District Six deralo litalengezedwa mu 1966 kuti ndi la azungu okha. Khayelitsha, Gugulethu ndi Mitchells Plain zili kumeneko. Munthu wongofika kumene akhoza kuganiza kuti dzinalo linabwera chifukwa cha nyumba zosanja zimene zili m'madera ena a kumeneko, koma dzinalo ndi la nthaka, ndipo linalipo nyumbazo zisanamangidwe.

Tsopano tayala. Limeneli ndi losavuta chifukwa maso amaona: mpweya ukatuluka, mbali yokhudza pansi imaphwatalala. Tanthauzoli silikanakhalapo matayala opopa asanabwere, ndipo amenewa anafala John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, atapangira mwana wake tayala lotere pa kanjinga ka miyendo itatu nkulilembetsa mu 1888. Ife timati tayala laphwa. Wa ku America amatha kungonena kuti "I have a flat", osatchula tayala, pomwe mawu omwewo pakamwa pa munthu wa ku London amveka ngati akukuuzani kuti wapeza pokhala. Iye tayala likabooka amakonda kunena za "puncture".

Kuchokera pa tayala lakuphwa ndi pafupi kufika pa gulu lalikulu la matanthauzo amene sanena za maonekedwe konse, koma za chinthu chimene moyo wake watuluka. Chakumwa cha m'botolo chimathira thovu chifukwa mpweya wa "carbon dioxide" unakanikizidwira m'madzimo, ndipo mukatsegula nkuchisiya, makamaka pamalo otentha, mpweyawo umathawa, thovu silikweranso, pamwamba pa chakumwacho pamangoti bata. Mngerezi amati chakumwacho chapita "flat", ife timati chatha gasi kapena chasukuluka. Tanthauzo limeneli ndi lakale kuposa mabotolo athu a zoziziritsa kukhosi, popeza cha m'ma 1600 ankalinena kale za mowa ndi vinyo. Pa nthawi yomweyo Shakespeare anaika liwuli pakamwa pa Hamlet wa m'sewero lake, amene podandaula kuti zonse za m'dziko zamukwana anazitcha "weary, stale, flat, and unprofitable", kusonyeza kuti kale lomwelo liwuli linkafotokoza mtima umene sukupezanso kukoma m'chilichonse. Batire la galimoto kapena la foni likatha moto, a ku Britain amati ndi "flat" pomwe a ku America amati ndi "dead". Mawu a munthu wolankhula mosakweza kapena kutsitsa, ngati akuwerenga mndandanda wa maina, ndi "flat". Nthabwala imene mwini wake amayembekeza kuti anthu afa nayo nseko koma onse nkungoti chete, amati "it fell flat". A zamalonda akanena kuti malonda a chaka chino ali "flat" akutanthauza kuti sanakwere ndipo sanatsike, ndipo apa chithunzi ndi cha mzere wa pa tchati umene wangogona. Mzere womwewo ukagona pa makina oyeza kugunda kwa mtima kuchipatala ndiye kuti mtima waima, ndipo pamenepo panabadwa mneni woti "flatline". Ngakhale penti wosanyezimira amatchedwa "flat".

Mukaona mndandanda umenewu, mudzazindikira kuti m'Chichewa tilinso ndi njira yofanana yoyendetsera tanthauzo, kungoti ife tinasankha chithunzi china. Timati ndiwo zopanda mchere ndi zozizira, masewero osasangalatsa ndi ozizira, munthu wopanda changu ndi wozizira, ngakhale kuti palibe amene waika dzanja kuti amve kutentha kwake. Kumene ife timaona moto utazima, Mngerezi amaona chinthu chitagona pansi. Ndikuganiza kuti kufananitsa kumeneku kungatsegule mitu ya ana anu msanga kuposa dikishonale, chifukwa adzaona kuti si Chingerezi chokha chimene chimatenga liwu la thupi nkulipereka ku zinthu za mumtima.

Za kwaya zija zimafuna kufatsa pang'ono, chifukwa m'nyimbo liwuli lili ndi ntchito ziwiri, ina yabwino, ina yodzudzula. Pa kiyibodi pali makiyi oyera asanu ndi awiri ndi akuda asanu amene amabwerezedwabwerezedwa. Kuchoka pa kiyi ina kupita pa yoyandikana nayo kwenikweni, kaya ndi yoyera kapena yakuda, ndi sitepe yaing'ono kwambiri, theka la toni. Mukatsika sitepe imeneyi kupita kumanzere, noti mwaitsitsa, ndipo imatchedwa "flat". Mukakwera kupita kumanja imatchedwa "sharp". Motero kiyi yakuda imene ili kumanzere kwa B ndi "B flat", ndipo malipenga ambiri a m'mabandi a apolisi ndi asilikali amapangidwa pa noti imeneyi. Apa palibe cholakwika chilichonse, ndi dzina chabe la noti, ndipo wopeka nyimbo amachita kuilemba dala. Makwaya athu ambiri amawerenga solofa, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo amishoni anafika nayo kuno, ndipo m'menemo noti yotsitsidwa imasintha vawelo, monga "te" akatsika nkukhala "ta". Koma woyimbitsa kwaya akakwinya nkhope nkunena kuti mukuyimba "flat", akutanthauza kuti mawu anu akulephera kufika pa noti imene inalembedwa, akutsalira pansi pake pang'ono, mwina osakwana n'komwe theka la toni. Zimachitika kawirikawiri oyimba akatopa, akapuma mosakwanira, kapena pa noti zapamwamba zimene zimafuna mpweya wochirikiza, ndipo kwaya yoyimba popanda chida ikhoza kutsika pang'onopang'ono mpaka pomaliza vesi lachinayi abesi akulephera kufika pansi. Ntchito ya liwuli m'nyimbo inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo ikugwirizana ndi chithunzi chathu chija: "sharp" ndi chosongoka, choloza m'mwamba, pomwe "flat" ndi chimene chaphwa nkutsika.

Chizindikiro chake pa pepala la nyimbo, chooneka ngati b wamng'ono wosongoka kumunsi, ndi b weniweni. Oyimba a m'matchalitchi a ku Ulaya zaka pafupifupi 1,000 zapitazo anali ndi noti imodzi yokha imene ankaitsitsa, B, ndipo ankailemba mitundu iwiri: b wozungulira, amene ankamutcha wofewa, pa noti yotsika, ndi b wa makona, wolimba, pa noti yosatsitsidwa. Kuchokera pa b wofewayo Afalansa mpaka lero amati "bémol" ndipo Ataliyana amati "bemolle", pomwe Ajeremani noti imene Angerezi amati "B flat" amangoitcha B, ndipo B wa Angerezi iwo amamutcha H.

Pali gulu lina la matanthauzo limene poyamba limaoneka ngati likutsutsana ndi la kufooka lija, chifukwa m'malo mwa kuphwa limanena za kulimba. "A flat refusal" ndi kukana kwamtuwagalu, kopanda pogwira poti mukambirane. Koma ganizirani bwino: chinthu chathyathyathya chilibe kokhota, chilibe pobisala, ndipo yankho lotere ndi lomwe lilibe "koma" kapena "mwina". Pa ndalama, "flat rate" ndi mtengo umodzi kwa aliyense, monga basi imene imalipiritsa chimodzimodzi kaya mutsikira pa siteji yoyamba kapena kumapeto. "Flat tax" ndi msonkho umene aliyense amadulidwa gawo lofanana la zimene wapeza, monga mmene dziko la Estonia linachitira mu 1994 poika 26 peresenti, kusiyana ndi msonkho wa pa malipiro wa kuno kwathu umene uli ndi magawo, wolandira zambiri nkumadulidwa peresenti yokulirapo. Munthu akati anamaliza ntchito "in ten minutes flat" ndiye kuti mphindi khumi ndendende, osapitirira. "Flat broke" ndi kusowa ngakhale tambala ya mchere. "Flat out" ndi kuthamanga liwiro la mtondo wadooka kapena kugwira ntchito modzipereka kotheratu, ngakhale kuti mawu omwewo amanenedwanso za munthu amene wagona thasa chifukwa cha kutopa, ndipo a ku America amawagwiritsanso ntchito ponena za bodza lamkunkhuniza, "a flat-out lie".

Pa galamala pali zinthu zingapo zimene zimagwetsa ana pa mayeso. Poyerekeza timalemba "flatter" ndi "flattest", t awiri, mwa lamulo lomwe lija la "hot" ndi "hotter", lakuti liwu la silabo imodzi lothera vawelo imodzi yaifupi ndi konsonanti imodzi limabwereza konsonantiyo. Mneni wake ndi "flatten", kusalaza kapena kuphwatalalitsa. Chovuta kwambiri ndi kusiyanitsa "flat" ndi "flatly" pofotokoza mchitidwe, chifukwa ana amaphunzitsidwa kuti muonjezi amathera ndi "-ly", ndiye amafuna kuika mchirawo paliponse. "She sang flat" ndi kunena kuti anayimba motsalira pansi pa noti, pomwe "she sang flatly" ndi kunena kuti anayimba mopanda moyo, ngakhale noti zonse anazipeza. Munthu amagona "flat", sagona "flatly". Pa kukana pokha m'pamene onse awiri amalowa, kungoti malo awo m'chiganizo amasiyana: "he flatly refused", koma "he turned me down flat".

Mwana wochenjera adzakufunsani za "flatter" wina uja, mneni wotanthauza kusyasyalika munthu ndi mawu okoma. Ameneyu analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, kumene "flater" kunali kusisita ndi chikhatho monga mmene munthu amasisitira mwana kapena galu, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti Afalansawo analitenga ku liwu la Chijeremani lonena za kuthyathyathya kwa chikhatho. Ngati zili choncho ndiye kuti ndi wachibale ndithu, wodzera njira yaitali. Amene si achibale ngakhale pang'ono ndi "inflate" ndi "deflate", ngakhale kuti zilembo zinayi zija zikuoneka bwinobwino pakati pawo ndipo onse amanena za matayala. Mawu awiriwa anachokera ku mneni wa Chilatini woti "flare", kuuzira mpweya, amenenso anabala "inflation", kufufuma kwa mitengo ya zinthu, ndi "flatulence", mpweya wa m'mimba. Chilatini sichinasinthe p kukhala f monga zinachitira zilankhulo za banja la Chijeremani, choncho f wa "deflate" sangakhale f wa "flat". Mukalemba pa bolodi chiganizo choti "the tyre deflated until it was flat" nkufunsa kalasi kuti ndi mawu ati amene ali pachibale, pafupifupi onse adzaloza awiriwo, ndipo pamenepo mudzawauze kuti m'bale weniweni wa "flat" ndi "plate" imene adyerepo nsima masana.